Kapeti yofiira

Usiku wa Lachitatu lina mu Ogasiti ndinadzidzimuka ndi kamluzu. Poyamba ndinkayesa mphepo ikulowa pampata wa malata, paja mwezi umenewu ku Lilongwe mphepo sigona. Koma kamluzuko kanali ndi kayendedwe kake, kulira n'kusiya, kulira n'kusiya, ndipo kankachokera kuchipinda cha ana. Nditayatsa tochi ya pafoni ndinapeza mwana wanga wamng'ono, wa zaka 6, atakhala tsonga pabedi, manja ali pamawondo, mapewa akukwera ndi kutsika. Sankalira. Mwana amene wabanika alibe mpweya wolirira. Pakhosi pake, pamwamba pa fupa la chifuwa, panali kadzenje kamene kankalowa m'kati nthawi iliyonse akakoka mpweya.

Aneba athu ali ndi kagalimoto kakale, ndipo sanafunse zambiri nditagogoda pawindo lawo 2 koloko usiku. Kuchipatala anamuveka kachigoba kotulutsa nthunzi ya mankhwala, ndipo patapita kanthawi mapewa aja anatsika, mwana n'kugona pamiyendo panga ngati palibe chachitika. Aka kanali kachitatu chaka chimenecho. Kutacha, dokotala wina wachitsikana, amene ndikukhulupirira kuti ndimamuposa ndi zaka 10, anatenga buku la kuchipatala la mwanayo, anawerenga masamba am'mbuyo, kenako anayamba kundifunsa za nyumba yanga. Mumaphikira pati? Mbaula imalowa m'nyumba kukazizira? Mumayatsa koyilo ya udzudzu? M'chipinda chimene amagona muli chiyani? Muli kapeti? Mumaoneka mphemvu?

Pa mphemvupo ndinawongola khosi. "Adokotala, nyumba yanga ndi yaukhondo."

"Sindikukana, mayi," anatero. "Ndipo mphumu sitichiza ndi tsache, mankhwalawa apitirize. Koma chifuwa chake chili ndi zinthu zimene chimadana nazo, ndipo zambiri zimakhala momwe amagonamo. Mukafika kunyumba mukagone pamalo pake, mutu wanu ukakhale pamene pamakhala mutu wake, mukaone zimene amapuma."

Sindinagone pamalo pake tsiku limenelo. Wolakwa ndinali nditamupeza kale tili m'minibasi.

Amayi anga anabwera kuchokera ku Mponela kumayambiriro kwa Juni, atatha kukolola, kudzaonetsa bondo lawo kuchipatala, ndipo monga mwa nthawi zonse sanabwere chimanjamanja. Anatsika ndi matumba 8 a chimanga, a makilogalamu 50 lililonse, chothira kale mankhwala a Actellic kuopa anankafumbwe. Nyumba yathu ku Area 25 ili ndi zipinda zogona ziwiri, yopanda posungira katundu. Matumba aja tinawasanja m'mbali mwa khoma kuchipinda cha ana, ndipo amayi anayala matiresi awo momwemo. Ndiye pali kusesa kwawo. Amayi amadzuka tambala woyamba akangolira, ndipo 5 koloko isanakwane tsache limakhala lili pantchito: pabwalo, pakhonde, kenako m'nyumba, chipinda ndi chipinda, ana akadali m'tulo. Dzuwa likasuzumira pawindo umaona fumbi likusambira m'kuwala kwake, osafulumira, likufunafuna pogwera.

Kuuza mayi wako kuti ukhondo wake ukudwalitsa mdzukulu si nkhani yongoyamba ndi mutu. Ndinadikira madzulo titadya, ndinayamba ndi za bondo, ndinadutsa pa mtengo wa feteleza, kenako ndinabisala kumbuyo kwa dokotala. "Amayi, adokotala akuti fumbi la tsache ndi limene likumubanikitsa mwanayu. Mwina muzipumako m'mawa, ndizisesa ndine akapita kusukulu."

Anakhala chete nthawi yaitali, akusonkhanitsa timitu ta usipa totsala m'mbale.

"Ndalera ana 7 ndi tsache," anatero. "Palibe amene analirapo m'chifuwa ngati mphaka. Koma kwathu munthu usanasese umayamba wawaza madzi, fumbi ligone. Tsopano iwe tandiuza, muno ndiwaze pati? Pachiguduli chako chija?"

Chiguduli chimene ankanenacho ndi kapeti yanga yofiira. Ndiyenera kuifotokoza bwino, chifukwa amene sanakulire m'nyumba yozira sangamvetse. Ndinaisungira ndalama chaka chathunthu kubanki m'khonde. Achemwali anga, amene amagwira ntchito m'nyumba za anthu ku Johannesburg, ndi amene anakaisankha, ndipo inabwera pabasi kudzera ku Beitbridge, ku Harare ndi ku Tete, itakulungidwa m'mapulasitiki ngati mtembo wa mfumu. Itayalidwa inakwana pabalaza ponse, khoma mpaka khoma, ndipo chidutswa chotsala ndinakachiyala kuchipinda cha ana kuti asamaponde simenti yozizira mu Juni ndi Julayi. Alendo ankavula nsapato pakhomo osauzidwa. Kapeti ija inkanena zimene ine sindikanatha kunena ndi pakamwa, zakuti mtsikana wa ku Mponela uja wafika. Pambuyo pake panabwera makatani olemera a nsalu ziwiri, sofa yaubweya, ndi tinsalu toluka pamutu pa mpando uliwonse. Kwa zaka 5 ndinkaipesa ndi burashi Loweruka lililonse, ndipo pamwamba inkaoneka bwino.

Usiku womwewo ndinawatumizira achemwali uthenga wa mawu pa WhatsApp, ndikuyembekezera kuti andiikira kumbuyo. Anayankha akuseka. Anati kumene amagwirako, Seputembala akangoyamba, kuzizira kutatha, mabwana amafuna nyumba yonse itembenuzidwe: makatani atsike, makabati akhuthulidwe, mabedi asunthidwe, makapeti achapidwe ndi makina. Ndi mwambo wochokera kumayiko ozizira a kumpoto, kumene kale anthu ankatseka mawindo miyezi yambiri akuwotha malasha ndi kuyatsa nyale, mwaye n'kudzaza makoma, ndiye kukayamba kufunda ankatsegula zonse n'kuchapa nyumba. "Koma mng'ono wanga, anthu amenewa ali ndi makina okoka fumbi, ndimawayendetsa ndine kawiri pa sabata. Iwe uli ndi burashi, ndipo nyumba yako ili m'mbali mwa msewu wafumbi. Ndinakugulira chifukwa unalimbikira."

Ife nyengo yathu siyenda ngati yawo. Sititseka nyumba miyezi 6, ndipo fumbi lathu lambiri limachokera panja. Mvula ikasiya mu Epulo nthaka imayamba kuuma, pofika Ogasiti msewu wa kwathu umakhala ufa wokhawokha, ndipo njinga yamoto ya kabaza iliyonse ikadutsa imatisiyira gawo lathu pawindo. Onjezanipo akamvuluvulu a masana, utsi wa tchire limene anyamata amatentha posaka mbewa, ndi zinyalala zimene aliyense amawotcha kuseri kwa mpanda wake. Nyumba ikakhala yopanda siling'i ngati yathu, zonsezi zimalowera pampata wa pakati pa khoma ndi malata. Pasimenti fumbi limaoneka, ukalikolopa latha. M'kapeti limalowa n'kukhazikika, ndipo mwana akathamangapo limadzuka kufika pa msinkhu wake, osati pa wathu akuluakulufe.

Koma chimene chinandisowetsa tulo ndi china, chimene dokotala uja anangochitchula ndipo ndinakachiwerenga pambuyo pake. M'matiresi, m'mapilo, m'mabulangeti ndi m'makapeti mumakhala tizilombo ta miyendo 8, tachibale ndi nkhupakupa ndi akangaude, tating'ono moti pamafunika titatu kapena tinayi tondondozana kuti tikwane milimita imodzi. Sitiluma ngati nsikidzi, n'chifukwa chake palibe amene amatidandaula. Chakudya chake ndi timamba ta khungu timene munthu aliyense amayoyola akagona. Madzi sitimwa, timangokoka chinyezi cha mumpweya, ndiye timaswana kwambiri m'miyezi ya mvula, nyumba zikamanunkha chinyontho. Chimene chimavutitsa chifuwa ndi zitosi zake, zimene zimauma n'kusakanikirana ndi fumbi, ndipo ngakhale tizilomboto titafa ndi chilimwe, zitosizo zimatsala momwemo. Mphemvu nazo n'chimodzimodzi: zitosi, malovu, ndi makoko amene zimafundula. Munthu wina amapuma zimenezi moyo wake wonse osamva kanthu. Wina thupi lake limaziona ngati mdani, tinjira ta mpweya timatupa n'kufinyika, ndipo kamluzu kaja ndi mpweya ukudzipanikiza kuti udutse. Ana anga awiri amagona chipinda chimodzi. Wamkulu sanayetsemulepo n'kamodzi komwe.

Lachisanu masana, ndili ndekha, ndinachita zimene ndinauzidwa. Ndinagona pabedi la mwana, nkhope kukhoma monga amagonera iye. Mtunda wa mkono umodzi kuchokera pamphuno yanga panali thumba la chimanga, ndipo m'mizere ya ulusi wake munali kaufa kotuwa. Fungo la mankhwala linali lomveka bwino lomwe, ndinali nditangolizolowera. Pansi panali chidutswa cha kapeti. Kumwamba, kumitengo ya denga, kunali ulusi wa akangaude wolemera ndi fumbi, ukugwedezeka. Kunsi kwa bedi kunali mbale yachitsulo ya phulusa la koyilo, imene ndinkayatsa ndi manja angawa madzulo aliwonse ngakhale ana ali ndi neti. Ndinayetsemula kanayi ndisanadzuke.

Tinagwirizana za Loweruka. Mwana tinamutumiza kwa azakhali ake ku Area 18 kuti akagone konko masiku awiri, chifukwa tsiku loyeretsa ndi limene fumbi limachuluka mumpweya kuposa tsiku lina lililonse. Bambo a ana anabwereka makwerero, ine ndi amayi tinamanga mipango kukamwa ndi kumphuno. Tinayambira kumwamba kutsikira pansi, ndi nsalu yonyowa yomangirira kunsungwi, chifukwa tsache louma limangosamutsa fumbi kuchoka padenga kupita pabedi. Pamwamba pa makoma panali zitosi za makoswe. Titasuntha wadiropu tinapeza chigamba chakuda cha nguwi, pamene denga linkadontha mu Febuluwale, ndiponso timatumba ta mazira a mphemvu tomatirira kuthabwa lakumbuyo, tambiri ngati nyemba. Ndinakumbukira mmene ndinawongolera khosi kuchipatala. Amayi anaona, sananene kanthu, ndipo bola akanangonena.

Kapeti tinaikulunga anthu atatu. Pansi pake simenti sinkaoneka. Panali fumbi losalala ngati ufa woyera wosefa, koma lofiirira, lodindika mizere ya ulusi wa kapetiyo. Amayi anatenga beseni, anaviika dzanja n'kuyamba kuwaza monga amachitira pabwalo la kwawo, kadontho apa kadontho apo, osachulutsa kuti lingasanduke matope. Kenako anasesa pang'onopang'ono, tsache losachoka pansi. Tinawola theka la ndowa pabalaza pokha. Munali ndalama zachitsulo, mabatani, ndi dzino la mwana wamkulu limene tinalifunafuna chaka chatha.

Akusesa choncho anayamba kukamba za kuzira, ngati akudziuza okha. Dothi lakuda la kudambo, kulikanda ndi madzi, kulipaka pansi ndi chikhatho, kenako kukulungiza ndi mwala wosalala mpaka pansi pawale. Nyumba yozira bwino, anatero, siutsa fumbi, ndipo utitiri umasowa pobisala. N'zoona, ndinaziona ndili mwana. Koma sindikufuna kunama kuti kumudzi kunali mpweya wa kumwamba. Amayi aphika zaka zoposa 50 pamafuwa atatu m'kakhitchini kopanda windo, denga lakuda bii ndi mwaye, ndipo ali ndi chifuwa chawo cha m'mawa chimene amachitcha cha ukalamba. Utsi wa nkhuni ndi makala nawo umawononga mapapo. Nditawauza zimenezi tsiku lina anandiyang'ana ngati ndanena kuti nsima ndi poizoni.

Makina tilibe, koma dzuwa la kumapeto kwa Ogasiti ndi laulere. Matiresi onse anatuluka, tinawasanjika pamipando kuseri kwa nyumba, kutali ndi msewu, n'kumawatembenuza, ndipo madzulo tinawakuntha ndi ndodo titaima kumene mphepo ikuchokera. Mabulangeti ndi nsalu zofunda tinaziviika m'madzi otentha. Madzi ofunda chabe sachita kanthu pa tizilombo tija, amafunika afike madigiri 60, oti dzanja silingapirire, ndiye makala anapita ndithu tsiku limenelo. Pilo wa mwana, wa zidutswa za siponji, amene anayamba kutsamira mkulu wake ali wakhanda, tinangomutaya. Kachidole kake kaubweya ka pakaunjika kanapulumuka titakambirana kwambiri, kanalowa m'madzi otentha n'kutuluka khutu limodzi lili lende. Neti yokha ndi imene sinaone dzuwa. Neti ya mankhwala imachapidwa mofatsa n'kuyanikidwa pamthunzi, kuti mphamvu yake isathe.

Nkhani yovuta inali ya chimanga. Bambo a ana anati tikachiike m'kakhitchini ka panja, agula loko watsopano. Amayi anakana kwamtuwagalu, mwaulemu wonse umene amapereka kwa mkamwini, maso ali pansi. Ngakhale kumudzi, anatero, anthu ambiri anasiya nkhokwe za panja chifukwa cha akuba, ndiye m'tauni muno chimanga chigone kuseri kwa kachitseko ka malata? Ine ndinayamba kupsa mtima, ndikuwerengera mpweya wa mwana wanga pa matumba 8. Koma amayi anaona njala ya 2002, pamene anthu kwathu ankadya gaga ndi zitsa za nthochi, ndipo maliro ankachitika opanda nsima. Munthu woteroyo amafuna kugona akumva fungo la chimanga chake. Ndipo ndinazindikira mochedwa, nditaima ndi chikolopa m'manja, kuti matumba aja anali ndi ntchito inanso. Ndi amene ankawalola kukhala miyezi m'nyumba ya mkamwini mutu uli m'mwamba, akudya nsima ya thukuta lawo. Kuwatulutsa panja kunali ngati kutulutsa eni akewo. Ndinayang'ana mpukutu wofiira uja uli pakhonde, n'kutseka pakamwa.

Tinakumana pakati. Chimanga chinasamukira m'kanjira ka pakati pa zipinda, pamwamba pa matabwa, ndipo tinagula matumba a PICS, aja okhala ndi mapulasitiki awiri m'kati ndi saka kunja, amene amapha anankafumbwe powamana mpweya popanda kuthira mankhwala. Cha chaka chino chinali chothira kale, koma m'mapulasitiki omanga bwino kaufa kaja sikatuluka. Amayi anamanga okha thumba lililonse ndipo anawerenga kawiri. Tsopano popita kubafa usiku timayenda chammbali.

Pofika Lamlungu madzulo nyumba inali ngati ya eni ake ena. Mawu ankamveka ngati m'kalasi yopanda ana. Makatani olemera ndinawapinda, n'kupachika a nsalu yopyapyala oti ndizitha kuchapa mwezi uliwonse. Ndinatenga chitini cha Cobra kuti simenti ikhaleko ndi nkhope, koma nditanunkhiza ndinachibwezera pamalo pake. Koyilo tinasiya, mbaula silowanso m'nyumba ngakhale kuzizire bwanji. Mwana atabwera anaima pakhomo, anayang'ana uku ndi uku, n'kufunsa ngati tikusamuka.

Ndikanakonda kulemba kuti kuyambira pamenepo sanabanikenso. Anabanika. Mu Okutobala aneba akuseri anawotcha mulu wa masamba ndi mapulasitiki madzulo, ndipo pofika 11 koloko kamluzu kanayamba. Koma ulendo uno sitinagogode pawindo la munthu. Namwino anali atatiphunzitsa kuboola kunsi kwa botolo la pulasitiki la mamililita 500, kulowetsapo kopopera ka buluu ka salbutamol, mwana n'kumapuma kudzera kukamwa kwa botololo, kuti mankhwala azifika m'mapapo m'malo mothera pakhosi. Poyamba ndinkaona ngati ndi njira yongotonthozera osauka, mpaka nditawerenga kuti madokotala a pachipatala cha ana cha Red Cross ku Cape Town anaiyesa, ndipo mu 1999 analemba kuti botolo lotere limagwira ntchito mofanana ndi chipangizo chogula. Anapuma m'botolomo agogo ake atamugwira kumsana, akuwerenga mokweza. Tinakhala maso mpaka mapewa atatsika, nsapato zili pafupi, chifukwa tinauzidwa kuti mankhwalawo akapanda kuthandiza msanga tisazengereze kuthamangira kuchipatala.

Usiku wotsokomola wachepa. Kopopera kena, ka tsiku ndi tsiku, sitidumphitsa. Pansi timakolopa m'mawa uliwonse mwana atapita kusukulu, nsalu zake zofunda timachapa sabata iliyonse, ndipo kutembenuza nyumba kuja ndati tizichita kawiri pachaka, potsata nyengo yathu: mu Meyi mvula ikatha, kuti tichotse zimene chinyontho chasiya, ndi mu Okutobala dzuwa lili pamutu, mvula ya chizimalupsa isanagwe.

Amayi anabwerera ku Mponela kukakonza munda, bondo likadali lomwelo. Akunyamuka anasuzumira m'kakhitchini ka panja, mmene kapeti ija ili chiimire pakona, yokulunga m'mapulasitiki, kuseri kwa kachitseko ka malata ndi loko watsopano uja.

"Ndipatse," anatero, "ndikayanikirepo mphale."

Ndinakana. Mayi wina wa kuntchito anafunanso kuigula, ndinamuuza mtengo woti asabwerenso. Sabata yatha kunabwera amayi a kumpingo kudzaona mwana. Woyamba anali atavula kale nsapato imodzi pakhomo pamene anaona simenti, ndipo anaima choncho, nsapato m'manja, phazi lili m'malere.

"Kodi kapeti yanu yokongola ija ili kuti?"

"Ili kochapitsa," ndinatero.